Ndisankhe supavaiza poona manambala a pa Google Scholar? Chonde ndithandizeni

Nesi wa kwa Mkanda

Moni nonse, pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo ndiye ndati bola ndifunse, paja safunsa anadya phula. Ine ndine nesi, ndimagwira pa chipatala china chaching'ono kuno ku Mchinji mbali ya kwa Mkanda, ndipo zaka zinayi tsopano tsiku la odwala maganizo ndi akhunyu amaona ndi ine. Ndikufuna kubwerera kusukulu kukachita masters. Kafukufuku amene ali kumtima kwanga ndi wa azimayi amene angochira kumene. Amabwera ku sikelo mwana ali kumbuyo, mwanayo wonenepa bwinobwino koma mayi wake maso ali pansi, ukamufunsa kuti mayi chavuta n'chiyani amangoti mutu, mtima ukuthamanga, usiku sindigona ndikuganiza kwambiri. Timamuyeza malungo palibe, BP ili bwino, timamupatsa panado nkumapita, mwezi wamawa wabweranso ndi zomwezo. Mayi wina chaka chatha anandiuza motsitsa mawu kuseri kwa chitseko kuti mwana akamalira iye samva chilichonse mumtima, ndipo amachita mantha kuuza apongozi ake chifukwa adzati ndi mfiti. Mpaka lero mawu amenewo sanandichoke.

Nde vuto langa ndi ili. Pali anthu awiri amene avomera kuti atha kundiyang'anira, onse ndi ma clinical psychologist. Woyamba ndi pulofesa wakunja, amabwera ku Malawi mwina kawiri pachaka. Ndinamufufuza pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a kafukufuku, mapepala ake ndinatopa nawo kutsitsa pa foni mpaka bandulo kutha, ma citation, kutanthauza maulendo amene ena atchula mapepala ake, masauzande, ndiye pambali palembedwa h-index 48. Wachiwiri ndi mayi wa konkuno, mapepala ake sakwana 20, h-index 7, ena ali mu Malawi Medical Journal, koma ndinakhala naye pa maphunziro ena ku Lilongwe ndipo momwe amafunsira wodwala ndinangoti eee, ine ndikufuna kudzafika pamenepo.

Mnzanga amene anachita kale masters akuti usapange chibwana, tenga wa 48, dzina lake likakhala pa pepala lako ma journal sakubweza ndipo sikolashipu ya PhD uipeza mosavuta. Mwina akunena zoona kaya. Chimene ndikufuna kudziwa, h-index imeneyi kwenikweni imawerenga chiyani? Kodi wa 48 ndiye kuti amadziwa ntchito kuposa wa 7 kasanu ndi kawiri? Komanso ndinapempha wina andionere pa Scopus, kumeneko manambala a onse awiri ndi otsika kuposa a pa Google Scholar, nde olondola ndi ati? Amene munadutsamo kale ndiuzeni mosabisa.

Wa ku laibulale

Asisi mwafunsa bwino, funso lomweli ma student amabwera nalo pa desiki yanga pafupifupi sabata iliyonse. Ine kwathu ndi ku Kamwendo koma ndimagwira mu laibulale ya koleji ina ku Lilongwe. Ndiyambe ndi h-index.

Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch mu 2005, ndipo iyeyu sanali wa zamaganizo ayi, anali wa physics ku University of California, San Diego. Kawerengedwe kake n'kosavuta. h-index 7 ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 7 amene lililonse latchulidwa ndi ena kosachepera ka 7. Tiyerekeze inu muli ndi mapepala asanu, loyamba latchulidwa ka 30, lachiwiri ka 12, lachitatu ka 4, lachinayi kawiri, lomaliza kamodzi. h-index yanu ndi 3, chifukwa atatu okha ndi amene afika pa katatu, lachinayi silinafike pa kanayi. Tsopano onani, olo loyamba lija litatchulidwa ka 3000, dziko lonse likuligwiritsa ntchito, h-index yanu ikhalabe 3. Komanso nambala imeneyi sitsika, munthu olo atasiya kafukufuku zaka khumi zapitazo imangokwera pang'onopang'ono chifukwa mapepala akale akutchulidwabe. Nde poyerekeza munthu amene wakhala akulemba zaka 30 ndi wina wa zaka 8 amene masiku ambiri ali ndi odwala pamzere, manambala okhawo sangakuuzeni kuti katswiri ndani. Yankho la funso lanu lachiwiri ndi ayi, wa 48 sikuti amadziwa ntchito kuposa wa 7 kasanu ndi kawiri.

Za Scopus ndi Google Scholar, onse ndi olondola kungoti aliyense amakolola m'munda wosiyana. Google Scholar imatola chilichonse chimene yapeza pa intaneti, ma thesis a ma student, ma ripoti a mabungwe, mabuku, nthawi zina pepala limodzi nkuliwerenga kawiri chifukwa dzina linalembedwa mosiyana. Scopus ndi ya kampani ya Elsevier ndipo imawerenga ma journal okhawo amene inawavomera mu mndandanda wake, Web of Science ya Clarivate chimodzimodzi. Ma journal ambiri a mu Africa mulibemo mmenemo, ena mumawapeza pa AJOL basi, tsamba losonkhanitsa ma journal a mu Africa. Nde munthu amene amalemba za kuno ndipo omuwerenga ndi a kuno, pa Scopus amaoneka wochepa kuposa mmene alili. Ndikanakhala inu mayi wa 7 uja ndikanamuonera pa Google Scholar nkudina pa Cited by kuti ndione amene akumutchula ndi ndani, mwina mupeza kuti ndi ma thesis a anzanu a unesi ndi ma dokumenti a unduna.

Chinanso chimene anthu sadziwa, si pepala lililonse limene lili ndi mwayi wofanana wotchulidwa. Mu ntchito yanuyi amene amatchulidwa kwambiri ndi amene anapanga mafunso oyezera. PHQ-9 ija ya mafunso 9 oyezera matenda okhumudwa, pepala lake analemba Kroenke, Spitzer ndi Williams mu 2001, aliyense amene wagwiritsa ntchito mafunsowo pa kafukufuku wake amayenera kuwatchula, ndiye ma citation ake ndi masauzande makumimakumi. Beck Depression Inventory ya Aaron Beck ya 1961 chimodzimodzi. Enanso ndi amene amasonkhanitsa kafukufuku wa anthu ambiri nkuphatikiza zotsatira, ma meta-analysis, ngati mmene amachitira Pim Cuijpers wa ku Amsterdam pa nkhani ya chithandizo chokambirana cha matenda okhumudwa. Ntchito zimenezi n'zabwino sindikuzinyoza ayi. Koma pepala la azimayi a kwa Mkanda, olo litalembedwa mwaluso chotani, anthu amene akulemba za nkhani yomweyo padziko lapansi ndi ochepa, nde akulitchula adzakhalanso ochepa. Jeffrey Arnett mu 2008 anawerengera ma journal akuluakulu a psychology napeza kuti pa anthu ofunsidwa mu kafukufuku wa mmenemo, pafupifupi 68 pa 100 anali a ku America kokha. Msika wake uli kumeneko, ife tikugulitsa m'mphepete.

Pomaliza, musangoona nambala, tsegulani mndandanda wa mapepala muone dzina lake lili pati. Mu zaumoyo dzina loyamba nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito yaikulu nalemba, lomaliza ndi wamkulu amene anayang'anira, apakatiwa zimasiyana, wina anathandiza kwambiri wina anangowerenga nkuvomera. Munthu atha kukhala ndi mapepala 200 koma ambiri ali pakati pa mayina 25. Google Scholar siisiyanitsa, onse 25 amalandira citation yathunthu aliyense. Onaninso ngati sakudzitchula yekha kwambiri, ndiponso ma journal ake ngati ndi enieni. Alipo ena ongofuna ndalama, mumatumiza pepala Lolemba, Lachisanu akuti lavomerezedwa lipirani madola, popanda katswiri aliyense kuliwerenga. Jeffrey Beall, mnzathu wa laibulale wa ku Denver, ankasunga mndandanda wa ma journal oterewa mpaka anautseka mu January 2017. Masiku ano ine ndimawauza ma student kuti ayang'ane ngati journal ili pa DOAJ kapena pa PubMed, masamba amene amaunika kaye journal asanaiike pa mndandanda wawo. Malawi Medical Journal ili pa PubMed, nde musaichepetse chifukwa choti ndi yathu.

Mlimi wa mtedza ku Waliranji

Anesi, ine za ma index sindizidziwa ngati akulu a ku laibulalewa, koma ndili ndi mawu amodzi chifukwa kale ndisanabwerere kumunda ndinagwirapo ntchito yofunsa mafunso m'midzi, ndinayenda pa njinga kuchokera kwa Mavwere mpaka kwa Simphasi ndi mafomu mu chikwama.

Kafukufuku wina amene ndinagwira anali wa nkhawa ndi kusowa tulo pakati pa alimi, dzina la bungwe sinditchula. Anatipatsa mafunso omasuliridwa kale ku ofesi, nde funso lina Chichewa chake chinali cholondola pa pepala koma kumudzi munthu ukamuwerengera amangokuyang'ana. Limafunsa ngati munthu wakhala wokhumudwa. Agogo ena pa khonde anandiyankha kuti wandikhumudwitsa ndani mwanawe, ine sindinayambane ndi munthu. Koma agogo omwewo titacheza pang'ono, ndikuthandiza kusola mtedza pa mphasa, anayamba okha kunena kuti chimwalirireni mwana wawo wamkazi mtima sukhala m'malo, nsima amangoigwira nkuisiya, mutu umakhala wolemera ngati asenza mtolo. Pa fomu ndinali nditalemba kale kuti ayi. Ife ofunsa tinakhala pansi madzulo tonse asanu ndi mmodzi nkugwirizana mawu oti tizigwiritsa ntchito, kuganiza kwambiri, mtima kuwawa, kusowa mtendere mumtima, tinalemba pa pepala nkupereka kwa otiyang'anira. Anakondwa kwambiri, anasintha mafomu onse.

Patapita zaka zitatu mwana wa mchemwali wanga amene ali ku yunivesite anandionetsa pa foni pepala limene linatuluka. Mayina asanu ndi atatu pamwamba, wa ku Malawi mmodzi yekha, pakati. Kumapeto kachiganizo kamodzi kothokoza ofunsa mafunso, popanda dzina la aliyense. Ndime yonse ya mawu a kumudzi ija inalimo, mawu athu omwe aja. Sindikulira ndalama, alawansi anatipatsa monga tinapanganirana. Chimene chimandipweteka ndi agogo aja ndi anzawo, tinawalonjeza pamaso pa amfumu kuti zotsatira tidzabwera nazo, ndipo amene analonjeza ndi pakamwa pake ndi ine. Palibe anabwera. Ndikadutsa mudzi umenewo popita ku msika wa Waliranji ndimachita manyazi mpaka lero.

Musamve ngati ndikunena onse. Ndipo kuti pasakhale kusokoneza, awa si a MaiMwana ayi. A MaiMwana ntchito yawo tonse a ku Mchinji tinaiona ndi maso, magulu a amayi ankakumana m'midzi kukambirana okha mavuto a uchembere nkupeza njira zawo, komanso amayi odzipereka ankayendera anzawo kuwalangiza za kuyamwitsa, mayi anga aang'ono anali mu gulu limodzi. Pepala lawo linatuluka mu The Lancet mu 2013, Mchinji inamveka kutali. Nde zimatheka kuti pepala likhale lotchuka kunja komanso anthu akumudzi aonepo kanthu.

Ine pempho langa ndi loti musanasankhe, onse awiriwo muwafunse funso limodzi, pa kafukufuku wanu womaliza munabwerera kukauza anthu zimene munapeza? Munakauza ndani, m'chilankhulo chanji? Mlendo ndi mame anesi, amene adzatsale ndi azimayi a ku sikelo aja ndi inu.

Wa kwa Zulu ali ku Cape Town

Abambo a ku Waliranji nkhani yanu yandikhudza, pepani kwambiri, zimenezo zimachitikadi ndipo si zoona kuti munthu wapereka nzeru yosintha mafomu onse dzina lake lisaoneke olo pothokoza. Koma asisi ndilole ndiyankhuleko mbali inayo chifukwa ndikuona ngati tonse tikukankhira kumodzi ndipo mwina mungaganize kuti manambala alibe ntchito. Ali nayo. Ine ndili chaka chachitatu cha PhD, ndaona mmene ma komiti opereka ndalama amachitira, mafomu ali mulu, nthawi yochepa, amayang'ana kaye kuti supavaiza ndani ndipo watulutsapo chiyani. Kunena zoona mnzanu uja sananame. Inde kuli DORA, chikalata chimene akatswiri anagwirizana ku San Francisco mu 2012 choti tisiye kuyeza munthu ndi impact factor ya journal, nambala yosonyeza mmene mapepala a journalyo amatchulidwira, ndipo mayunivesite ambiri anasainira, koma chizolowezi sichitha ndi siginecha.

Ndipo citation si chinthu chachabe, nthawi zina ndi njira imene ntchito yabwino imayendera kuchoka dziko lina kufika kwa ife. Taonani Friendship Bench ya Dixon Chibanda wa ku Zimbabwe. Anaphunzitsa azigogo ogwira ntchito zaumoyo m'madera kukhala pa benchi panja pa kiliniki nkumathandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi, maulendo asanu ndi limodzi. Matendawo kumeneko amawatcha kufungisisa, ndi kuganiza kwambiri komwe kuja mukumva ku sikelo kwanu. Anayesa mu makiliniki 24 ku Harare ndi anthu 573, pepala linatuluka mu JAMA mu 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi amene anakhala pa benchi otsala ndi zizindikiro za matenda okhumudwa anali pafupifupi 14 pa 100, pomwe gulu linalo anali pafupifupi theka. Likanakhala kuti linangokhala ripoti mu kabati ku Harare bwenzi ife tisakudziwa. Chifukwa anthu analiwerenga nkulitchula, ndalama zinapezeka, njira yomweyo inadzayesedwanso m'makiliniki a ku Lilongwe ndi anthu amene ali pa ma ARV. Inunso pa nkhani yanu ya azimayi ochira kumene mudzafika pa Thinking Healthy, ya Atif Rahman ndi anzake ku Pakistan, The Lancet 2008, amene anagwiritsa ntchito azimayi azaumoyo a m'midzi ofanana ndi ma HSA athu, WHO inadzapanga buku lake lophunzitsira. Simungalembe proposal yanu osawatchula, ndipo mukawatchula mwawonjezera citation imodzi, ndi mmene zimayendera.

Koma kutchulidwa kwambiri si umboni woti zimene munthu analemba n'zoona, apa pokha ndigwirizana ndi a ku laibulale. Hans Eysenck wa ku Institute of Psychiatry ku London pomwalira mu 1997 anali mmodzi mwa ma psychologist otchulidwa kwambiri padziko lonse, ma clinical psychologist ambiri a ku Britain anadutsa mu dipatimenti imene iye anayambitsa. Mu 2019 King's College London itafufuza inanena kuti mapepala ake 26 ndi osadalirika, aja ankati khalidwe la munthu ndi limene limabweretsa khansa ndi matenda a mtima. Zaka zonsezo anthu ankangowatchula. Komanso mu 2015 gulu lalikulu la akatswiri linabwereza kafukufuku 100 wa psychology wotuluka mu ma journal otchuka, amene anapereka zotsatira zomveka ngati poyamba anali pafupifupi 36 okha. Komanso munthu akalemba kuti pepala lakutilakuti ndi lolakwika, kompyuta imawerengabe kuti citation imodzi.

Nde chochita ndi ichi asisi. Pa Google Scholar pali mizere iwiri, wina wa All wina wa zaka zisanu zapitazi, onani wachiwiriwo kuti mudziwe ngati munthuyo akugwirabe ntchito pa nkhani yanu panopa. Kenako sanjani mapepala potsata chaka, fufuzani amene dzina loyamba ndi la Mmalawi ndipo pulofesayo ali kumapeto. Amenewo nthawi zambiri ndi ma student ake. Akakhala ambiri ndipo ena akulembabe paokha mpaka pano, ndiye kuti munthuyo amalera. Mukapeza kuti wakhala akubwera ku Malawi zaka khumi koma Amalawi onse ali pakati, mwadziwa. Imelo ya wolemba imakhala pa pepala pomwepo, alembereni awiri kapena atatu muwafunse kuti draft mukatumiza imabwera patatha masiku angati. Ine supavaiza wanga woyamba anali wa manambala akuluakulu, chaputala changa chinakhala kwa iye miyezi inayi, sanali woipa mtima koma ma student tinalipo ambiri ndipo iye nthawi zonse ali pa ndege.

Ndipo ndani wakuuzani kuti musankhe mmodzi? Masukulu ambiri amalola ma supavaiza awiri. Afunseni.

Kiliniko wa ku Kapiri

Anesi ine ndingowonjezera zoti muwerenge musanakumane nawo, kuti pokambirana muone amene akuidziwa nkhani ya kuno. Mafunso a SRQ-20 a WHO, aja 20 oyankha inde kapena ayi, Robert Stewart ndi anzake anawayesa m'Chichewa ndi azimayi a ana aang'ono ku Thyolo, pepala la 2009. Anadzayesanso EPDS, mafunso 10 a ku Edinburgh, ndi amayi oyembekezera ku Mangochi m'Chichewa. PHQ-9 ya Chichewa Michael Udedi ndi anzake anaiyesa ndi odwala shuga ku Lilongwe, 2019. Mapepala amenewa ma citation ake sangafike olo pafupi ndi a PHQ-9 yoyamba ija, koma popanda iwo inu ndi ine tilibe chofunsira wodwala m'chilankhulo chake. Ine PHQ-9 ya Chichewa ndinaimata pa khoma la chipinda changa, pepala lake lafika pofiira ndi fumbi. Koma kumbukirani kuti Chichewa cha ku Thyolo ndi cha kwa Mkanda pafupi ndi malire a Zambia si chimodzi ndendende, zimene anena abambo a ku Waliranji zija muziyembekezere.

Werenganinso zolemba za Pulofesa Chiwoza Bandawe wa ku KUHeS pa nkhani ya uMunthu ndi psychology. Amalawi ambiri amene anamvapo koyamba za thanzi la maganizo anamva kudzera mu zimene iwo akhala akulemba m'nyuzipepala ndi kuyankhula pa wailesi, ndipo owerenga nyuzipepala Google Scholar siwawerenga.

Nesi wa kwa Mkanda

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni, netiweki inavuta masiku awiri nde ndawerenga zonse lero m'mawa ndisanayambe sikelo. Ndachita zimene munanena achimwene a ku Cape Town. Pulofesa uja pa zaka zisanu zapitazi ndapeza mapepala anayi amene dzina loyamba ndi la Mmalawi, nde si munthu wongotenga nkumapita ayi, ndinamuganizira molakwa pang'ono nditawerenga za abambo a ku Waliranji. Koma onse anayiwo ndi a achinyamata ndi HIV, la amayi ochira kumene palibe olo limodzi. Mmodzi mwa ma student akewo wandiyankha kale, akuti munthuyo ndi wabwino, pa ziwerengero ndi katswiri ndipo anamulipirira ulendo wa ku msonkhano, koma kuti uyankhule naye umapangana tsiku mwezi usanafike. Mayi wa 7 uja mapepala ake atatu ndi a amayi oyembekezera ndi ochira kumene, onse dzina lake lili poyamba, ndawerenga limodzi lonse usiku ndi tochi ya pa foni ndipo mawu a azimayi amene anawalemba mmenemo ndi omwe aja ndimamva kuseri kwa chitseko.

Maganizo anga panopa ndi opempha mayiyo akhale wamkulu, pulofesa akhale wachiwiri ngati angalole. Mantha anga ndi amenewo, munthu wamkulu chonchija kumupempha kuti akhale wachiwiri kwa munthu wa mapepala ochepa, sizioneka ngati mwano? Ndilembe bwanji? Abambo a ku Waliranji funso lanu ndalilemba pachikuto cha kope langa ndipo ndiwafunsa onse awiri. Ndipo ngati zitatheka ndidzakufunani pa nkhani ya mawu a mafomu, dzina lanu lidzakhalapo.

Wa kwa Zulu ali ku Cape Town

Si mwano asisi, ambiri a iwo amakondwa chifukwa mapepala a kusukulu ndi kuthamangitsana ndi ma deadline zimakhala za woyambayo. Yambani mwauza mayiwo kaye avomere, kenako mulembe imelo imodzi kwa onse awiri, munene mutu wanu, munene kuti deta mudzatolera kwa Mkanda nde mukufuna wokuyang'anirani pafupi, ndipo kwa pulofesa mupemphe chinthu chodziwika, kapangidwe ka kafukufuku ndi ziwerengero. Mu imelo yomweyo funsani za mayina pa pepala, kuti lanu lidzakhala loyamba, zilembedwe panopa musanafunse mayi ndi mmodzi yemwe. Tsegulaninso ORCID, ndi yaulere, kanambala ka manambala 16 kamene kamakusiyanitsani ndi a Phiri ndi a Banda ena onse amene ali ndi dzina ngati lanu. Ndipo pa nthawi yanu muikepo miyezi ingapo ya chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, ndi kalata ya ku ofesi ya zaumoyo ku boma, chifukwa mukufunsa za maganizo odzipha pa mafunso amenewo, adzafuna muwauze kuti mayi akayankha kuti inde mudzamutengera kuti tsiku lomwelo, ndani adzamuona, ndipo thiransipoti yochokera kwa Mkanda kufika ku boma adzalipira ndani.